Ana amene tinkati sadziwa kuimba: zimene ndinapeza mu giredi 4

Lipoti ili ndi la kalasi imodzi ya giredi 4 imene ndinaphunzitsa m'chaka cha 2024 pa sukulu ya boma m'komboni ina kum'mwera kwa Lusaka. Sinditchula dzina la sukulu kapena la mwana aliyense. Ndalilembera makamaka aphunzitsi anzanga aamuna, amene amaima kutsogolo kwa ana aang'ono n'kuyambitsa nyimbo ndi mawu a bambo wamkulu, monga ndakhala ndikuchitira ine zaka zambiri.

Mmene zinthu zinalili

Chaka chimenecho tinachiyamba mochedwa. Chifukwa cha kolera, boma linasuntha kawiri tsiku lotsegulira sukulu, ndipo m'malo mwa 8 Januwale tinatsegula pa 12 Febuluwale. Aliyense anali pa liwiro lobweza masabata otayika, ndipo zikatero phunziro loyamba kudyedwa ndi la nyimbo. Mu silabasi ya 2013, imene giredi 4 inkatsatirabe, nyimbo sizili pazokha. Kuyambira giredi 1 mpaka 4 zili m'thumba limodzi lotchedwa Creative and Technology Studies, pamodzi ndi zojambula, masewera olimbitsa thupi ndi ntchito zamanja, ndipo kuyambira giredi 5 zimalowa mu Expressive Arts. Mphunzitsi amene alibe nazo chidwi nyimbo atha kumaliza temu yonse akujambulitsa ana makapu ndi mbale, palibe womufunsa.

M'kaundula munali ana 84. Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi athu anatupa, ndipo anabwerera ngakhale ana amene anali atakhala kunyumba zaka ziwiri kapena zitatu. Motero pa desiki imodzi pankakhala kamtsikana ka zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 13 wayamba kale kumera tindevu. Kunyumba ena amalankhula Chinyanja cha m'tauni muno, ena Chibemba, Chinsenga, Chitonga, koma pabwalo onse amakumana pa Chinyanja.

Ine kwathu ndi ku Katete. Nyimbo ndinaziphunzirira ku tchalitchi, kumene ndimaimba besi m'kwaya kufikira lero, ndipo sol-fa, njira yotchula manoti a nyimbo ndi mayina monga doh, ray, me, ndinaidziwa ndisanapite ku koleji. Sindinapite ku Evelyn Hone College kumene amasula aphunzitsi a nyimbo enieni. Ndine mphunzitsi wamba wa pulayimale amene anzake amamukankhira phunziro la nyimbo chifukwa anamumva akuimba pa maliro.

Vuto lenileni

Kumayambiriro kwa temu yachiwiri ahedi anandiuza kuti kalasi yanga idzaimbe pa chikondwerero cha sukulu cha zaka 60 za ufulu, mu Okutobala. Nthawi inalipo yokwanira. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali china: kalasi ikaimba, pansi pa nyimbo pankamveka mkokomo wosasuntha, ngati chigayo chikulira patali. Nyimbo ikakwera, mkokomowo uli pomwepo. Ikatsika, uli pomwepo. Nditayenda pakati pa madesiki n'kumatchera khutu, ndinawerenga ana 22 amene ankachita zimenezi, ambiri anyamata.

Mayi wina amene timaphunzitsa naye anandipatsa nzeru imene aliyense amapereka. Anati, "Ba sir, musazivute. Sankhani oimba bwino, enawo aziwomba m'manja, kapena azingogwedeza milomo." Sindinganene kuti ndi nzeru yoipa kwa munthu amene akukonza kwaya ya mpikisano wa NASAAZ, bungwe loona za luso m'masukulu, chifukwa kumeneko umapita ndi osankhidwa. Koma ili linali phunziro la pa ndandanda, la mwana aliyense wolembedwa m'kaundula. Pa masamu sitiuza mwana kuti azingogwedeza pensulo.

Komanso panali chinthu chosagwirizana. Pa nthawi yopuma ndinkawaona ana omwewo. Mmodzi wa "achigayo" aja ndiye ankatsogolera nyimbo zochemerera mpira, mawu ali pamwamba, anzake akuvomera, osaphonya ngakhale pang'ono. Mwana ameneyu belu likalira n'kulowa m'kalasi mwanga ankasanduka wosadziwa kuimba. Ndinayamba kukayika kuti mwina vuto silili pakhosi pake.

Kufufuza pansi pa mango

Kwa masabata awiri, pa nthawi yopuma, ndinkatenga ana ochepa pa tsiku n'kukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Ndinkasakaniza oimba bwino ndi enawo kuti pasakhale wodziwa kuti akuyesedwa. Aliyense ankachita zinthu zitatu. Choyamba, ndinkaimba dzina lake pa manoti awiri, soh ndi me, monga amaitanirana ana pa geti, iye n'kubwereza. Chachiwiri, kamtsikana kena ka mawu oyera kankaimba zomwezo, iye n'kubwerezanso. Chachitatu, ndinkamuuza kuti aimbe nyimbo iliyonse imene akufuna, aiyambe yekha pamene pamukomera.

Pobwereza za ine, pafupifupi onse 22 ankatsitsa chibwano mpaka pachifuwa, n'kufinya khosi, mawu n'kutuluka okhuthala, osakwera osatsika. Pobwereza za kamtsikana kaja, ana 13 anagwira manoti onse awiri nthawi yomweyo, ena ndendende, ena pafupi kwambiri. Tsiku limene ndinaona zimenezi kachitatu motsatizana ndinakhala chete kwa kanthawi, mpaka mwana wina anafunsa ngati walakwitsa.

Chifukwa chake n'chosavuta, kungoti sindinachiganizirepo. Mawu a mwamuna wamkulu amakhala pansi pa mawu a mwana ndi okutevu yathunthu, ndiye kuti mtunda wochokera pa doh kukafika pa doh wapamwamba. Noti ya A imene mwana amaimba imanjenjemera ka 440 pa sekondi, pamene A amene ine ndimatulutsa ndikamati ndikuimba "yomweyo" amanjenjemera ka 220. Kwa ine ndi noti imodzi. Mwana amene wakulira m'kwaya ya Sande sukulu, kapena pakhomo pamene bambo ndi mayi amaimbira pamodzi, khutu lake linaphunzira kale kunyamula nyimbo ya bambo n'kuiika pamwamba, osaganiza n'komwe. Koma mwana amene sanazolowere amayesa kupita pamene pali mawu angawo. Safikapo, chifukwa khosi lake ndi laling'ono. Ndiye amatsika mpaka pamene akuthera, pafupi ndi mawu ake olankhulira, n'kukhazikika pomwepo. Ana amene ndinkawayesa agonthi a nyimbo ndiwo ankandimvetsera mokhulupirika kuposa anzawo.

Cholakwa changa chachiwiri chinali pa kayambidwe. Nyimbo ndinkaiyambira pamene pakomera khosi la munthu wa besi, kotero ngakhale ana amene ankainyamula bwino ankaimbira pansi kwambiri. Ana a msinkhu uwu amamasuka kuyambira cha pa C wapakati pa kiyibodi kukwera mpaka C wotsatira. Ine ndinkawakokera kumunsi kwa pamenepo tsiku ndi tsiku.

Otsala 9 aja nkhani zawo zinali zosiyana. Asanu anali asanapeze mawu awo apamwamba: ngakhale nyimbo yodzisankhira ankaiimba ngati akulankhula. Atatu anali anyamata akuluakulu amene mawu awo anali atayamba kusweka. Mmodzi sindinamumvetse mpaka patapita nthawi, ndipo ndifika kwa iye.

Ndinenepo pang'ono za ana awiri amene sali m'gulu la 22, chifukwa wina atha kuwasokoneza nalo. Awa ankaimba bwino nyimbo zonse koma pa nyimbo ya fuko ankatseka pakamwa. Ndi chifukwa cha chipembedzo cha makolo awo, ndipo si nkhani yatsopano m'dziko lino: inafika mpaka ku khoti lalikulu mu 1967 pa mlandu wa mwana wa sukulu wina dzina lake Kachasu. Ine sindinawakakamize ndipo sindinawalembe ngati olephera.

Zimene ndinasintha

Choyamba ndinasiya kuimba pamodzi ndi kalasi. Zinandivuta kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa mphunzitsi akamva nyimbo ikugwedera mtima umamuuza kuti akweze mawu aipulumutse, ndipo akatero ndiye waimiza.

Noti yoyambira inafunika kuchokera kwina. Sukulu ili ndi kiyibodi imodzi mu ofesi, koma 2024 chinali chaka cha chilala, madzi ku Kariba anali atatsika, magetsi ankapita maola ambiri pa tsiku. Ndinakagula kalimba ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Makalimba ambiri a pamenepo amapangidwira alendo, okongola koma osachunidwa, ndiye ndinakhala madzulo awiri ndi foni ndi kapulayala, kukankha tizitsulo: kachitsulo kakatalika mawu amatsika, kakafupika amakwera. Ndinachuna asanu okha, doh, ray, me, soh, lah, ndipo anandikwanira temu yonse. Kalimba salira kwambiri, ndipo zimenezi zinandithandiza, chifukwa kuti ana 84 amumve ayenera kukhala chete.

Pofuna kuonetsa mzere watsopano ndinkaimba ndi mawu opyapyala a pamwamba, aja amuna timachita nawo manyazi. Tsiku loyamba kalasi inagwa nako kuseka. Wina kumbuyo anafuula, "Ba ticha baimba monga ba madam!" Ndinawasiya aseke, nanenso ndinaseka, ndipo sabata isanathe anali atazolowera. Komabe khosi langa silipirira mawu amenewo nthawi yaitali, ndiye njira imene inakhalitsa inali yophunzitsa mzerewo kwa ana anayi kapena asanu a mawu oyera, iwo n'kumatsogolera, kalasi n'kumavomera. Apa sindinabweretse chachilendo. Ndi mmene nyimbo za kumudzi zimayendera, pa mtondo, pa chimtali, ngakhale pa nthano pamene wina amati "Padangokhala" ena n'kuti "Tilitonse". Chimene ndinaonjezera n'chakuti otsogolera azisinthana, ndipo pofika Julayi ena mwa 13 aja anali atayamba kutsogolera.

Asanu aja osapeza mawu apamwamba ndinayamba nawo ndi nthungululu, poganiza kuti palibe mwana wa kuno amene sanaimve. Atsikana awiri anailiza bwinobwino, ndipo atazindikira kuti mawu a nthungululu ndi omwewo oimbira, theka la ntchito linatha. Anyamata anakana. "Ivo ni va bakazi, ba ticha." Ndinasintha. Tinayamba kutsanzira ambulansi ikubwera kuchokera kutali n'kudutsa, kadzidzi, kagalu kopondedwa mchira, ndi ang'wang'wazi a pa siteshoni akuitanira minibasi ya ku tauni. Mnyamata amene amati sangakweze mawu, ukamuuza kuti akhale ng'wang'wazi amakweza mpaka kalasi yoyandikana kudandaula.

Njira imene inagwira ntchito kwambiri pa asanuwa inali yotembenuza zinthu. M'malo momuuza mwana kuti apeze noti yathu, ndinkamuuza kuti atulutse mawu aliwonse aatali, "looo", anzake atatu n'kupita pamene iye ali. Mawu akalowana pamamveka kusalala kwina m'khutu, ndipo nkhope ya mwanayo imasintha, chifukwa mwina aka n'koyamba kumva mmene kuimba pamodzi kumamvekera mkati mwa mutu wake. Tikatero timasuntha onse sitepe imodzi kukwera, kenaka kubwerera. Zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu basi, koma zimafuna kubwerezedwa masabata ambiri.

Zizindikiro za manja za sol-fa nazo zinandithandiza. Njira imeneyi anaifalitsa John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1800, atatengera pa ntchito ya Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo kuno inabwera ndi amishoni, n'chifukwa chake makwaya a m'matchalitchi athu amaidziwa kuposa manoti a pa mizere isanu. Chibakera ndi doh, dzanja lotambasula loyang'ana pansi ndi me, dzanja loimika cham'mbali ndi soh. Mwana wa kumbuyo kwenikweni amaona dzanja likukwera ndi kutsika, ndipo sipafunika choko. Koma ndichenjeze: musayambe ndi kulemba d, r, m pa bolodi. Ndinayesapo zaka zam'mbuyo. Ana amakopera bwino m'makope, amaloweza ngati sipelo, amakhoza mayeso olemba, koma ukawauza kuti aimbe zimene alembazo amakuyang'ana.

Za zoimbira ndingodutsapo, poti sizinali vuto. Zigubu za malita 20 zinakhala ng'oma, zotsekera mabotolo zophwanyidwa n'kuzitunga pa waya zinakhala maseche. Pa kugunda ndi kuwomba m'manja ana awa sanafune mphunzitsi. Ankaphatikiza kawombedwe ka patatu ndi ka pawiri kamene ine ndikadavutika kukalemba pa pepala.

Mzere umene ana ankaukana

Nyimbo ya tsikulo ndinapeka ndekha, yoyerekeza dziko ndi mtengo wobzalidwa mu 1964. Pa mzere wina, pa liwu lakuti "mtengo", kalasi yonse inkakweza noti imene ine ndinaiika pansi. Ndinakonza kangapo, mawa lake abwerera pomwepo. Ndinayamba kupsa mtima, mpaka tsiku lina ndikuyenda kupita kokakwera minibasi ndinalankhula mzerewo osaimba. Ndipamene ndinamva. M'chinenero chathu liwu limakwera ndi kutsika palokha. "Mtengo" wa m'nkhalango umakwera pakati, pamene "mtengo" wa pa msika umayenda pansi. Nyimbo yanga inkanena za kugula ndi kugulitsa, ana n'kumaibweza ku nkhalango. Ndinasintha notiyo kutsata iwo. Kuyambira pamenepo, mwana akasintha nyimbo ya Chinyanja pa malo amodzi mobwerezabwereza, ndimayamba ndalankhula mawuwo ndisanamudzudzule.

Mnyamata wa pa windo

Uyu ankakhala kumbuyo, pafupi ndi windo loyang'ana ku msewu. Pansi pa mango sanagwire noti yanga, ya kamtsikana kaja, ngakhale ya kalimba. Chimene ndinaona mochedwa n'chakuti ndikamalankhula ankapendeketsa mutu, kundipatsa khutu lakumanzere. Tsiku lina ndikuyang'ana kope lake ndinaona thonje m'khutu lakumanja, lonyowa.

Ndinaitanitsa kholo. Anabwera ambuya ake, amene amagulitsa tomato pa msika, chitenje chili m'chiuno, akuoneka kuti akuyembekeza kumva kuti mdzukulu wapalamula.

"Ambuya, pepani takuchotsani pa malonda. Sanalakwe kanthu mwanayu. Khutu lakeli linayamba liti?"

"Aphunzitsi, limeneli ndi lakale. Limatuluka mafinya likafuna, makamaka akadwala chimfine. Timangoikamo thonje, limaleka lokha."

"Mundilole ndikupempheni mupite naye ku chipatala akalione. Ine si dokotala, koma ndikuona ngati sakumva bwino mbali imeneyi, ndipo si pa nyimbo pokha."

Anapita naye sabata yomweyo, anapatsidwa mankhwala ndi tsiku lobwereranso. Kumbali yanga ndinamuchotsa pa windo n'kumuika kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa otsogolera nyimbo. Pa chigubu anali katswiri, ndipo chiyeso chinali chachikulu chakuti ndimusiye pomwepo, vuto lithe. Ndinagawa: nyimbo imodzi pa chigubu, ina aimbe. Chimene chimandiwawa ndi chakuti mwanayu anadutsa giredi 1, 2 ndi 3, ndi temu yathunthu m'manja mwanga, palibe anaona thonje lija. Linaoneka chifukwa cha phunziro limene ambiri amati ndi lotayitsa nthawi.

Pofika Okutobala

Sabata ziwiri chikondwerero chisanafike ndinabwerezanso kuyesa kuja pansi pa mango. Ana 13 oyamba aja ankaimba bwino, ndipo chimene chinandisangalatsa n'chakuti ambiri tsopano ankatha kunyamula nyimbo ngakhale ndiimbe ndi mawu anga a besi. Khutu linali litaphunzira. Mwa asanu aja, atatu anapeza mawu awo, awiri ankawapeza pa ambulansi koma nyimbo ikatalika ankatsetsereka kubwerera pansi. Mnyamata wa khutu ankagwira soh, me ndi doh akaimba ndi mnzake mmodzi, koma m'gulu lonse ankasocherabe.

Pa tsikulo anaimba onse, palibe wogwedeza milomo chabe. Koma chimene ndikufuna anzanga amve chinachitika pulogalamu isanayambe. Nyimbo ya fuko, imene chuni chake anapeka Enoch Sontonga ku Johannesburg mu 1897, ndi yoti mwana aliyense atha kuimba ikayambidwa pamalo oyenera. Mphunzitsi wina wamwamuna anatenga maikolofoni n'kuiyamba pansi penipeni, pamene pakomera iye, n'kuimba nayo mokweza mpaka kumapeto. Chigayo chija chinalira bwalo lonse, kuyambira giredi 1 mpaka 7, ndipo ngakhale ana anga ena anagweramo. Patapita mphindi zochepa ana omwewo anaimba nyimbo yathu, noti itachokera pa kalimba, kamtsikana kakutsogolera, mawu ali mbee. Pambuyo pake ndinapempha ahedi kuti pa asembule nyimbo ya fuko aziyambitsa ana, ndipo anavomera kuti tiyese.

Atatu akuluakulu aja ndiwo sindinawathe. Mawu awo lero ali apa, mawa ali apo, ndipo manoti amene angawagwire bwino ndi ochepa kwambiri. Kuwauza kuti atsate kamtsikana ka zaka 9 ndi kuwachititsa manyazi pamaso pa kalasi, ndipo mmodzi anayamba kupempha kupita kuchimbudzi nthawi iliyonse ya nyimbo. Chakumapeto kwa temu ndinayesa kuwaika pambali panga, ine n'kumaimba nawo motsitsa kamzere kosavuta ka manoti atatu, doh, fah ndi soh, monga timachitira a besi ku kwaya. Awiri anakondwa nazo, anayamba kudzitcha abesi. Koma ndikatero ndabwereranso kuimba ndi mawu a bambo m'kalasi momwe muli ana awiri aja amene akutsetserekabe, ndipo akandimva amanditsatira pansi. Piriyodi ndi ya mphindi 30, chipinda n'chimodzi. Pakadali pano ndimakumana ndi atatuwo Lachinayi pa nthawi yopuma, pansi pa mango pomwe paja, ndipo wachitatu amabwera sabata ina, ina osabwera.